Phazi la Nkhuku la ku Chikweo

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa siteshoni ya Nkaya, ndikugulitsa nzimbe za amalume. M'sitima munatsika bambo wamfupi wa kabudula wa khaki, a Matewere, mabokosi ali mbwee koma wowanyamulira palibe. Ndinawasenzera mpaka pa galimoto yawo. Atamva kuti sukulu ndinalekeza Fomu 2 ndiponso Chiyao ndimachimva, anangoti, "Kwera kumbuyoko. Nzimbezo zisiye." Amalume anandikwiyira mpaka mvula inagwa.

A Matewere anali a boma, ojambula mapu. Nthawi imeneyo kunali kutangofika zithunzi zachilendo zojambulidwa ndi setilaiti, makina amene mayiko akunja anaponya kumwamba kuti azizungulira dziko. Chimodzi ankayenda nacho m'chikwama, chosonyeza nyanja ya Chiuta ngati banga la inki. Ankachinyadira, komanso chinkawawawa.

"Dziko ndi lathu, koma chithunzi chake tikuchita kupempha," ankatero. "Anzathu ali ndi ofesi yoona za mlengalenga basi. Osati ya asilikali iyayi, ya mvula, minda ndi madzi. Ifenso tidzakhala nayo, ndipo poyambira pake ndi pano."

Apo n'kuti akuloza dzenje limene ine ndikukumba, thukuta lili kamukamu. Ndinkangoti inde bwana, mumtima ndikuseka.

Chithunzi cha setilaiti sichinkaonetsa tinthu ting'onoting'ono. Choncho pankafunika kuti ndege idzajambule chapafupi, kenako zithunzi ziwirizo azigwirizanitse ndi malo oyezedwa pansi. Malowo ndiye inali ntchito yathu. A Matewere ankayeza ndi makina awo oima pa miyendo itatu, ife n'kukumba, kuthira simenti, kuzika chitsulo pakati. Tikatero tinkayala bafuta woyera mizere itatu yochokera pachitsulopo, kuwongola ndi tepi yoyezera, n'kukhomera zikhomo m'mbali kuti mphepo isanyamule. Kwina ankayala ngati mtanda, koma ku Chikweo, kwa Asilamu, bwana anasankha mizere itatu. Chizindikirocho anthu anangochitcha phazi la nkhuku.

Phazi lililonse linali ndi mlonda wake, chifukwa cha mbuzi ndi ana. Langa linali m'munda mwa Che Ajilu, mlimi wa thonje, ndipo ndinkagona pakhomo pawo. Akazi awo, Abiti Twaibu, anali mayi wa nthabwala. Masana ankandibweretsera chinangwa chophika kumunda konko, n'kuima manja m'chiuno.

"Ana a anzathu akulonda mabanki m'tauni," ankatero, "wathuyu akulonda chofunda cha nyerere!"

Pochoka, a Matewere anandisiyira lamulo limodzi. "Ndege ibwera sabata ino, m'mawa uliwonse kumwamba kukayera, ndipo imadutsa kamodzi. Ikapeza phazi palibe, usadzandifunefunenso." Kuwonjezera apo, masiku amenewo kukhudza katundu wa boma sanali masewera. A chipani akanamva, nkhani ikanafika kutali.

Abiti Twaibu anamwalira Lachinayi m'mawa, atangodwala pang'ono. Asilamu sagoneka maliro. Munthu amaikidwa tsiku lomwelo, atakulungidwa m'sanda, nsalu yoyera. Koma sitolo ya pa Chikweo inalibe bafuta, ndipo wa njinga amene anathamangira kwina anabwerako chimanjamanja dzuwa litapendeka.

Ndinawaona Che Ajilu akubwera kumunda okhaokha. Anaima m'mphepete mwa phazi lija, osandiyang'ana.

"Mwanangu, sindikupempha iyayi," anatero. "Ndangobwera kudzaona."

Ndinayang'ana kumwamba. Kunali mbee, popanda ndi kamtambo komwe, ndiye kuti ndege ibwera mawa. Ndinaganiza za amalume ndi nzimbe zawo. Mantha ndinali nawo, ndisaname. Koma mbale imene mayi aja anandibweretsera chinangwa komaliza inali pomwepo patsinde pa mtengo, ndisanaibweze n'komwe. Ndinatenga nyundo, n'kuyamba kuzula zikhomo. Amayi a m'mudzimo anachapa nsaluyo pachitsime, inauma msanga, ndipo maliro anaikidwa dzuwa lisanalowe.

Kutacha ndinakakhala pachitsulo chija, ndikuyang'ana mizere itatu ya dothi lokhalokha. Ndinali nditamanga kale kachikwama kanga. Ndiye ndinamva anthu akubwera, amuna ndi akazi, madengu pamitu. M'madengumo munali thonje, losankhidwa kale, loyera, longodikira kumsika. Thonje likada limatsika giredi, ndipo panalibe amene sankadziwa zimenezo.

Che Ajilu anatula dengu lawo patsogolo panga. "Tisonyeze mmene chinalili."

Ndinakoka tepi, ndikulemba mizere ndi kamtengo, iwo akuyala thonje pambuyo panga ndi kulipanikiza ndi timabango kuti lisauluke. Misozi inkandisokoneza kuwerenga tepi. Ndege inamveka dzuwa litakwera pang'ono. Inadutsa kamodzi, ana akuikuwira, n'kuzimiririka cha ku Chiuta.

A Matewere atabwera ndinawauza zonse. Anayang'anitsitsa nyenyeswa za thonje zokakamira pa ziputu. Kenako anangoti, "Tidikire chithunzi."

Chithunzicho chinatipeza tili ku Balaka, mphepo yozizira itatha. A Matewere anandiitana, n'kundipatsa galasi lokulitsira. Phazi langa linalipo, lonenepa kuposa ena onse.

"Nkhuku yako inatupa miyendo," anatero, "koma chitsulo chili pakati penipeni. Konza katundu, mawa tikupita kunyanja."

Ndinagwira nawo ntchito mpaka pamene anapuma. Ofesi yawo ya mlengalenga ija anamwalira asanaione, ndipo ndimawasowa, ndi kabudula wawo yemwe. Lero adzukulu anga amandionetsa denga la nyumba yanga pa foni, lojambulidwa kuchokera kumwamba, n'kumakamba zoti dziko lino likhale ndi setilaiti yakeyake. Sindisekanso ngati kale. Ndimawauza kuti alimbikire, koma adziwe kuti za kumwambazo zimakhomeredwa pansi, m'munda mwa munthu, ndipo iwo ayenera kumudziwa dzina munthuyo.

Ndikawapempha kuti asunthire chithunzicho ku Chikweo, amati chitsulo changa sichikuoneka, pali mitengo yokhayokha. Ine ndimaonapo thonje la mudzi wonse lili padothi, ndi Abiti Twaibu, amene anapita atavala nsalu yomwe ankaiseka ija.