A Mpala ndi Makoko a Anyezi

Tsiku loyamba kuwaona bwinobwino a Mpala, mutu wawo unali m'bini mwanga. Ndinatsegula chitseko tsache lili m'manja, n'kuona msana wa bambo wachikulire wovala malaya oyera ositidwa bwino, tayi ataiponyera paphewa kuti isade. Ndinkati ndikuwe, koma chimwalirireni amuna anga mawu amachedwa kunditulukira. Ndinangotsokomola.

Anaweramuka mosapupuluma, m'manja muli makoko ouma a anyezi.

"Mwadzuka bwanji aneba? Musaope, sindinapenge. Ndikukolola mankhwala amene inu mukutaya."

A Mpala ndi ometa tsitsi. Kachipinda kawo kali kumapeto kwa mdadada wa nyumba zathu za lendi, pafupi ndi mpopi. Muli mpando wozungulira umene unaleka kalekale kuzungulira, galasi long'aluka pakona, ndi benchi lalitali. Dzinalo anawapatsa ndi anyamata, chifukwa ukawauza kametedwe kalikonse amavomera ndi mutu mwaulemu, koma potuluka umatuluka ndi mpala. Akuti kale anali katswiri wa sizasi. Kenaka nyamakazi inawagwira zala, moti m'mawa amayamba azifunditsa m'khwapa asanagwire makina.

Tsiku lomwelo, ali chiimire pakhomo panga, anandiphunzitsa zimene anamva pawailesi. Akuti m'thupi muli maselo ena amene amakalamba n'kusiya ntchito, koma amakana kufa. Amangokhala pamenepo n'kumatulutsa zoipa zodwalitsa maselo anzawo, ndipo akatswiri akuganiza kuti matenda ena a ukalamba amayambira pomwepo. Ndiye akufufuza ngati zinthu zina zopezeka m'makoko a anyezi, m'maapozi ndi m'sitiroberi zingathe kuchotsa maselo amakaniwo.

"Sitiroberi ndi chipatso cha mabwana," anatero. "Ife wathu ndi anyezi."

Ine sekondale ndinalekezera panjira, koma za maselo ndinkazikumbukira pang'ono. Ndinafunsa chapansipansi ngati anayesera kale pa anthu.

"Kwambiri ayesera pa mbewa. Koma mbewa ili ndi chiyani chimene ine ndilibe? Mchira basi."

Chimene chinkawasautsa ndinachimva mwana wawo wamkazi, namwino, atabwera kudzawaona. Makoma a nyumba zathu sasunga chinsinsi.

"Ababa, zala zimenezi mudzadula nazo khutu la munthu. Makasitomala anathawa. Chaka chikamatha zinthu zili chonchi, titseka pano, mukakhala kwathu."

"Ndikakhale kwa mkamwini? Ndizikapempha chilolezo chosinthira tchanelo pakanema?"

"Ndipo zamakokozo kafukufuku wake sanathe. Kuti mufike pamlingo umene amapatsa mbewazo, mwina mungafunike kudya ngolo yathunthu ya anyezi."

"Ngoloyo tayamba kale. Tayambira m'bini mwa aneba."

Ine ndimasoka zigamba ndi kupinda madiresi pafupi ndi zenera, choncho msewu wonse umadutsa m'maso mwanga. Ndinkaona kuti zala sizinali zokha zothamangitsa anthu. Panalinso benchi. Pabenchilo pankakhala amadala awiri, a Sajeni amene anapuma upolisi ndi a Hedi amene anapuma uphunzitsi. Onse mitu yawo inali see ngati dzira, yopanda kanthu koti n'kumeta. Ankafika m'mawa ndi nyuzipepala imodzi n'kuchoka dzuwa litapendeka. Mayi akalowa ndi mwana, a Sajeni ankayamba: "Nkhongo imeneyi watengera ndani? Bambo ake timawadziwa ife, alibe yotere." A Hedi ankamufunsa mwanayo masamu makina ali pamutu mpaka alire. Mnyamata akalowa, ankamufunsa chimene buluku lake linalakwira lamba. Ndani angabwerenso?

Ine ndinangoyamba kuwasungira a Mpala makoko m'kajumbo. Kenaka ndinazindikira kuti kajumbo kakadzadza msanga, nawonso amafika msanga pakhomo ndi nkhani zawo. Ndinayamba kugula anyezi wambiri, kumusenda, n'kumagawira anansi ali woyera mbee. Mayi wa nyumba yoyandikana nayo anandiyang'ana mwachisoni, nati umasiye umabwera ndi zambiri.

A Mpala ankawiritsa makokowo m'ketulo. Madzi ake ankatuluka ofiirira, owawa kuti khaa. M'mawa ankamwa, madzulo n'kuviikamo zala. Posakhalitsa zala zinasanduka zachikasu, ndevu za pamlomo nazo chimodzimodzi.

"Achimwene, maselo anuwo sakufa ayi," anatero a Sajeni. "Akuchita dzimbiri."

M'mawa wina anafika pakhomo panga nkhope ili yakugwa, ngakhale kajumbo sanakayang'ane.

"Aneba, ndaganiza mofatsa. Mankhwalawa amachotsa maselo okalamba. Nanga ine ndili ndi selo liti latsopano? Akadzagwira ntchito zenizeni, mudzapeza tayi yokha pampando."

Ndinabisa pakamwa ndi nsalu imene ndinkasoka.

"Ndinalakwitsa kuyamba ndi ine mwini," anapitiriza. "Akatswiri amayamba ndi mbewa. Ndipo ine mbewa ndili nazo ziwiri, zonenepa bwino, zongokhala."

Lamulo linakhazikitsidwa tsiku lomwelo: aliyense wokhala pabenchi osametetsa amwe kapu imodzi. Amadala aja anamwa chifukwa chosafuna kuoneka amantha. A Sajeni anatsinzina, namwa, nanena kuti pa ntchito yawo yonse sanazunzepo mkaidi motero. A Hedi anamwa mwaulemu, chala chaching'ono chili m'mwamba, koma pofika mawa lake mano awo oikirira anali atasintha mtundu. Choipitsitsa chinali mafunso. M'mawa uliwonse a Mpala ankawaimika pakhomo anthu akutunga madzi pampopi.

"A Hedi, tambasulani zala. Tanyonyomalani tione. A Sajeni, unyamata mukuumva mbali iti? Amayi kunyumba akuti bwanji?"

Sabata isanathe, awiriwo anasamukira tsidya la msewu kwa wosoka nsapato, nyuzipepala yawo ili m'khwapa.

Benchi linakhala pululu. A Mpala ankaima pakhomo akuyang'ana tsidya lija, ketulo ikuzizira. Apo ndinachita chinthu chimene sindichitachita: ndinalankhula pampopi. Ndinangonena kwa mayi wina, maso anga ali m'ndowa, kuti kometera kuja masiku ano kulibe apolisi kapena mayeso. Pampopi mawu sachedwa kuyenda. Loweruka lotsatira benchi linadzadza ndi amayi ndi ana awo asukulu. Ana asukulu safuna sizasi kapena luso. Amafuna mpala, ndipo mpala unalipo wokwanira aliyense.

Chaka chikupita kumapeto, namwino uja anabwera ndi zikwama zopanda kanthu zoti alongedzeremo katundu wa bambo ake. Anasowa pokhala. Anaima pakhomo mpaka mutu womaliza utayera, kenaka anagwira manja a bambo akewo n'kuwatembenuza uku ndi uku.

"Zala sizinasinthe, ababa. Zangosintha mtundu."

"Mankhwala agwira ntchito, mwana wanga. Kungoti anayambira pabenchi. Onani uko," analoza tsidya la msewu, "maselo aja ndi awo, akudwalitsa wosoka nsapato."

Namwino anayesa kukwiya, koma phwete linamupulumuka. Anagwirizana kuti shopu isatsekedwe, bola asiye lezala azigwira makina okha, ndiponso apite naye kuchipatala akaonetse zalazo ndi kuulula kwa adokotala zonse za m'ketulo. Zikwama zinabwerera zopanda kanthu.

Dzulo masana, ana ali kusukulu, ndinapita kwa a Mpala ndi kajumbo kanga. Kanali koyamba kupita ndekha osadikira kuti abwere. Ndinawapeza akupukuta galasi. Analandira kajumboko, nakayeza m'manja, nandiyang'anira m'galasimo.

"Aneba, munthu wokhala yekha sadya anyezi wochuluka chonchi."

Ndinayang'ana pansi, pomwe panali titsitsi ta ana tosasesedwa.

"Tiyi uja ndinasiya, adokotala anandikalipira ngati mwana," anatero akukankhira benchi kufupi ndi ine. "Koma inu makoko musasiye kubweretsa. Khalani apa. Inu nokha kapu ndakukhululukirani."