Kalongonda Wanga Anapsa Ndege Isanatere

Foni inandipeza m'munda mwanga mwa tiyi, dengu lili kumsana. Mpongozi wanga anabwera nayo akuthamanga, chitenje chikukwekwereka m'mame, nkundiikira pakhutu.

"Agogo, ndine. Ndafika ku China."

Mdzukulu wanga, mwana wamkazi amene ndinalera ndi masamba a tiyi omwewa! Dengu ndinalitaya, tiyi yense mbwee, nthungululu mpaka kutsidya ku esiteti.

Ananyamuka pa Chileka dzulo lake m'mawa kupita kusukulu ya udokotala. Anandiuzatu kuti ndi kutali, koma ine ndege ndimaidziwa: imadutsa pamwamba pa Thyolo usanameze malovu. Ndinati ikamakwana nthawi yokweza tiyi pa sikelo, mwana akhala atafika.

Choncho ndinatereka kalongonda. Ife Alomwe timadziwa, nyemba imeneyi sithamangiridwa. Uwiritse, utaye madzi, uwiritsenso, utayenso, tsiku lonse, apo ayi ikuzunguza mutu. Ndinaitana mudzi kuti madzulo tidzadye chisangalalo.

Anthu anabwera. Kalongonda anapsa. Foni zii.

Alamu anga, amene kale anali kondakitala pa Luchenza, anayamba kuwerengera mokweza kuti minibasi ikanapita ku Limbe ndi kubwerako kangapo konse. Anati ndege siima pa siteji kudikira anthu, ndiye yachedwa pati? Wina anawatsina, koma mawu anali atatuluka kale. Mphika ndinakana kuvundukula. Ungagawe bwanji chakudya usakudziwa ngati ndi cha phwando kapena cha maliro? Anthu anabalalika mmodzimmodzi, osatsanzika bwino. Kutacha ndinapita kukathyola tiyi kuti manja apeze chochita.

Ndiye apa mwana akuseka pafoni. Akuti ndege nayo ili ndi siteji yake. Ndiye kuti alamu ananama. Anatsika ku Ethiopia, nkukhala pabenchi mpaka mdima, nkukwera ina yaikulu ngati fakitale. Imeneyo inauluka osapuma, pansi nyanja, pansi mapiri, iye kudya, kugona, kudzuka, kudyanso, ulendo osatha. Akuti kumeneko dzuwa linali litapendeka kale, ife kuno mame asanaume.

"Ndiye kalongonda wanga anapsa iwe ukadali paulendo?"

"Muli ndi liwiro kuposa ndege, agogo."

Ndinakoleza moto, ndinavundukula mphika, ndinatuma uthenga. Anabwera alamu, chipewa m'manja, ndipo ndinawapatsa mbale yoyamba kuti pakamwa patsekeke. Anabwera anzanga a mvano atavala zoyera, akapitawo athu akale ndi ndodo yawo, achemwali a ku Masambanjati ndi mkoko wa nthochi pamutu. Anabwera mayi achisilamu ogulitsa usipa, a kabaza aja amene ananyamula sutikesi ya mwana, aphunzitsi ake a pulayimale, ngakhale azakhali ake amene ankati mtsikana sapita patali. Amenewo ndiwo anavina tchopa kuposa tonse.