Mafuta opaka kumalo obisika si feteleza

Inu owerenga, m'dera lathu lonse la Kanakantapa mulibe munthu wodziwa sayansi kuposa ine. Ndinaphunzira zaulimi ku koleji, mpaka pamene mayeso a chaka choyamba anandipempha mwaulemu kuti ndibwerere kwathu. Ndi maphunziro apamwamba amenewa ndinatsala pang'ono kupasula banja langa.

Khungu la kumaliseche kwanga linayamba kutuwa, kuyabwa ndi kuthina. Kuchipatala anati matendawa si opatsirana, koma satheratu, amangogona ukamawasamala. Anandipatsa kachubu ka mafuta amphamvu otchedwa siteroidi, nati ndizipaka pang'ono ndipo ndibwerenso adzandione.

Sindinabwerere. Mafutawo anathandiza, ndiye katswirine ndinaganiza monga timaganizira kumunda: chimanga chikabiriwira ndi feteleza, wonjezera. Ndinkapaka m'mawa, masana ndi madzulo, mochindikala ngati ndikumata khoma. Chubu chikatha ndinkagula china pakashopu ka mankhwala ku Chongwe. Tinakolola, tinadzalanso, ine ndikupakabe.

Kenako khungu lija linapyapyala, n'kumang'ambika lokha. Ndinayamba kugona chovala buluku, nkhope kukhoma. Mkazi wanga, amake Taonga, ndinali ndisanawauze kalikonse, choncho anadziyankha okha: mwamuna wothawa mkazi wake, wobisa mankhwala m'thumba la mbewu, watola matenda kwina. Tsiku lina pochokera kudimba ndinapeza zovala zawo zili m'chikwama.

"Atate ake Taonga, niuzeni chabe dzina la mkaziyo, ine nipite kwa amai."

Dzina ndinalibe. Ndinawapatsa chubu.

Tinapita limodzi kuchipatala. Adokotala anawatsimikizira kuti palibe mkazi wina pankhaniyi, ndipo ine anandiuza kuti mafutawa akachuluka amadya khungu. Zoti feteleza wambiri amawotcha chimanga, ndikhulupirira zinali m'maphunziro a chaka chachiwiri.

Lero ndimapaka kadontho, pamasiku okhawo amene anandiuza, ndipo tsiku lokaonedwa sindiphonya. Chubu amasunga ndi amake Taonga. Khungu linapeza bwino, zovala zinabwerera m'kabati, buluku amagona yekha pampando.

Amuna anzanga, mafutawa si oipa, ine ndikhala nawo mwina moyo wanga wonse. Koma muyezo wake asiyireni achipatala, akati mubwerenso bwererani, ndipo akunyumba auzeni msanga asanayambe kuganiza okha.

Ulendo wa kuchipatala umene ndinauthawa nthawi yonseyi unadya K60 ya minibasi, anthu awiri, kupita ndi kubwera. Analipira ndi amake Taonga, ndipo amandikumbutsabe.