Madzi akuda a kalongonda

Loweruka, Disembala. Ndakhala pakhonde, ndikutsuka zala zimene zikukana kuyera.

Ntchitoyi anandipezera ndi azakhali sukulu itatsekera. Mayi Asiyatu, amene amagulitsa kalongonda pasiteshoni ya Cuamba, ankafuna mtsikana wosalongolola. Timawiritsa nyembazo mumphika waukulu, kusenda makoko, kuwiritsanso, kutaya madzi akuda, kuthira ena, mpaka madzi atayera. Madziwo timataya m'dzenje lovundikira kuti nkhuku zisamwe. Kenako mayi amadya kadzanja kamodzi, n'kukhala phee kudikira, asanagulitse kwa munthu.

Aphunzitsi athu anatiuzapo kuti mbewu imadziteteza ku tizilombo ndi poizoni amene imapanga kuchokera ku ma amino asidi, tinthu tomwe timamanganso thupi lathu. Ndinalemba, ndinakhoza mayeso, koma sindinkaganiza kuti ndidzaziona.

Dzulo mvula inanyowetsa nkhuni, moto unkangofuka. Komboyo, sitima ya ku Nampula, inali pafupi kufika, madzi akadali odera. Ndinaona, koma pakamwa panga panalemera. Mayi analawa.

Patapita kanthawi anayamba kusanza, manja akunjenjemera. Anandiyang'ana n'kunditchula Mwanaisha, dzina la mwana wawo amene anamuika m'manda ku Malawi atathawirako nkhondo. Ankandifunsa m'Chiyao ngati ndadya, akundisisita tsaya. Ndinangoti ndadya.

Achimwene Juma, mwana wawo wamkulu, anati amayi angotopa ndi utsi, ndipo anatenga beseni kuti apakulire apaulendo. Ine amene ndimalephera ngakhale kupereka moni mokweza, ndinavundikira mphika n'kukhala pamwamba pake. Chivundikiro chinkawotcha.

"Iwe mwana, wapenga? Choka apo."

"Pepani achimwene, sizinapse. M'komboyo muli ana."

Anandinena kuti ndine nkhuku yofungatira mphika, anthu anaseka, komboyo inapita. Mayi tinawatengera kuchipatala pa njinga yamoto.

Lero ali bwino, sakukumbuka chilichonse. Anditchula dzina langa lenileni, ndipo sindikumvetsa chifukwa chake zandipweteka. Ndikatseka maso ndikuonabe dzanja lawo likupita kukamwa, ine ndili chete pambali.

Mawa ndilawirira kukasaka nkhuni zouma. Madzi akakhala odera ndinena mokweza, mayi asanatambasule dzanja.