Mayi Mphuno ndi Mabotolo a Vanila

M'sitolo yaikulu ya zovala, kumanzere kwa khomo, munali kauntala yagalasi yogulitsirapo perefyumu, ndipo mayi amene ankaima kuseri kwake aliyense ankamutchula kuti Mayi Mphuno. Silinali dzina lachipongwe. Mphuno yake inali yaing'ono ndithu, yongokwana kukhazikapo magalasi. Anzake a pantchito anamupatsa dzinali chifukwa munthu akangolowa pakhomo, iye ankadziwiratu sopo amene wasambira.

Anakulira m'chipinda chimodzi ndi mayi ake, omwe ankachapa ndi kusita zovala za anthu. Pachingwe cha m'chipindamo pankalendewera malaya a anthu osawadziwa, aliwonse ndi kafungo ka mwini wake, ndipo mwina mphunoyo inaphunzirira pamenepo. M'sitolomo analowa ali mtsikana, ntchito yake ili yokolopa. Wogulitsa perefyumu atakwatiwa n'kusamuka, abwana anasowa munthu, basi anangomuveka iye yunifolomu. Anakhala pakauntalapo mpaka imvi zinayamba kutuluka.

Nyengo imene ankaikonda inali yozizira. Kukamatentha anthu ankafuna fungo la mandimu ndi maluwa, lopepuka, losachedwa kuthawa. Koma mphepo ikayamba kulowera kunsi kwa chitseko, makasitomala n'kumabwera atakwinya mapewa m'majuzi, iye ankatsitsa mabotolo a vanila pashelefu yapamwamba, kuwapukuta, n'kuwandandalika kutsogolo. Ankati vanila ndi mlesi, sagwirizana ndi thukuta, amafuna khungu lozizira ndi ubweya wa juzi woti agonemo. Wina anali wotsekemera ngati keke yongotuluka mu uvuni, wina wolemera ngati mkaka wowiritsa, wina anali ndi kautsi kobisala pansi. Mayi Mphuno sankalola kasitomala kununkhiza pakapepala. Ankamufayira pamkono n'kumuuza kuti akaone kaye nsapato, abwere vanilayo atakhazikika. Ambiri ankabwerako akununkhiza mkono wawo, n'kugula.

Mwamuna wake anali wowotcherera zitsulo, munthu wa mawu ochepa. Nthabwala yake inali imodzi, yoti m'nyumba mwawo garaja inakwatira keke. Anali ndi mwana mmodzi, wamkazi, yemwe ankaphunzira za unamwino kutali ndi kwawo.

Chaka china, kuzizira kutangoyamba, Mayi Mphuno anadwala chimfine choopsa chimene chinamugoneka masiku angapo. Atadzuka anapeza tiyi wasanduka madzi otentha chabe. Anati ndi mamina, atha. Mamina anathadi, koma fungo silinabwerere. Tsiku lobwerera kuntchito anatsegula botolo limene ankalikonda koposa, lamkaka lija, n'kukoka mpweya mpaka chifuwa kudzaza. Zinali ngati akununkhiza galasi la zenera. Dokotala anamuunika m'mphuno ndi katochi, n'kunena kuti zimachitika, kwa ena limabwerera, kwa ena ayi, angodikira.

Sanauze munthu aliyense. Mabotolo akale ankawadziwa pamtima, choncho ankagulitsa monga kale, mawu ake omwe aja. Atsopano akabwera ankawerenga pakatoni n'kumalankhula ngati wanunkhiza. Chimene chinamuulula chinali thupi lake lomwe. M'mawa ankadzifayira pakhosi, osamva kanthu, n'kufayiranso, kenaka pajuzi, kenaka pampango, poopa kuti wogulitsa perefyumu angafike pantchito wosanunkhira. M'minibasi anthu anayamba kutsegula mawindo kunja kukuzizira. Bambo wina anatsokomola n'kufunsa kuti waswa botolo ndani, anthu anaseka, nayenso anaseka nawo, akuyesa kuti akunena wina.

Mwana wake uja atabwera kutchuthi ndiye anamasula. Anamupeza kuchipinda akuvala.

"Amayi, mukumathira kangati?"

"Monga mwa masiku onse, mwanangu."

"Ayi, amayi. Juzi lanuli likupweteketsa mutu. Ababa akumadyera pakhonde, simukuona?"

Mayi Mphuno anakhala pabedi, botolo lili m'manja, n'kufotokoza zonse. Mwamuna wake anali ataima pakhomo. Anati iye anadziwa kalekale, tsiku limene mkaka unapserera mkazi wake ali chikhalire pafupi ndi mphika. Anangokhala chete poganiza kuti mwini wake adzanena yekha. Mayiyo sanadziwe chomupweteka kwambiri, kaya ndi kuseka kwa m'minibasi kuja kapena chifundo cha mwamunayu.

Kuntchito nako sizinachedwe. Kunali mphunzitsi wina wopuma pantchito, mayi wachikulire, amene chaka chilichonse kukazizira ankadzagula vanila. Chaka chimenecho anapempha wamkaka. Pashelefu panali mabotolo awiri ofanana maonekedwe, ndipo wina anali atawasinthanitsa popukuta fumbi. Mayi Mphuno anatenga lolakwika, la amuna, lafungo la fodya ndi tsabola, anafayira mayiyo pamkono, anaweramira pomwepo n'kunena kuti imvani kukoma kwa mkakawo. Mphunzitsiyo ananunkhiza, anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kumufunsa motsitsa mawu ngati ali bwino. Sanakalipe. Koma abwana anali chapafupi, akukonza majekete.

Abwanawo sanali munthu woipa. Anamuitanira mu ofesi, anamupatsa mpando, anati zaka zonsezi sangazitaye, koma pakauntala pafunika mphuno. Anamutumiza kuchipinda chakumbuyo kosungira katundu, kopanda zenera, kukamasula makatoni ndi kupinda majuzi. Dzina lija anthu anayamba kulimeza. Ena ankati Mayi Mph, n'kudukiza, n'kungoti amayi.

Anakhala kumeneko mpaka kuzizira kunabweranso. M'mawa wina anang'amba katoni imene inafika itanyowa pansi, botolo limodzi litasweka m'njira, ndipo china chake chinamulowa m'mphuno. Anagwada, analowetsa nkhope m'katonimo, misozi ili m'maso. Fungo linalipodi, koma silinali la vanila. Linali la tayala lopsa losakanikirana ndi zoola. Anawerenga pabotolo losweka lija, linali lamkaka, lakale lomwe lija. Anathamangira kuchimbudzi kukasanza.

Dokotala anati zimenezi nazo zimachitika, mphuno ikudzuka koma yasokoneza njira, mwina idzawongoka. Sinawongoke. Khofi, sopo, anyezi wokazinga, zonse zinkanunkha tayala lomwelo, koma vanila ndiye ankaposa. Pakhomo lalikulu la sitolo sakanathanso kudutsa, ankalowera kumbuyo kolowera katundu, mpango uli kukamwa. Mabotolo akatsitsidwa pashelefu yapamwamba, fungo linkamulondola mpaka kumakatoni. Nyengoyo isanathe anapempha kusiya ntchito.

Tsiku lotsanzika anzake anasonkhana kuchipinda chakumbuyo, ananena mawu abwino, n'kumupatsa mphatso yokulungidwa bwino ndi riboni. Linali botolo lalikulu la vanila. Palibe amene anaganiza, ndipo iye anali asanawauze za tayala lija. Anathokoza mogwira mtima, analinyamula motalikitsa ndi nkhope mpaka kunyumba. Mwamuna wake analitenga osafunsa kanthu n'kukalisiya kuntchito kwake, kuseri kwa zitini za penti.

Mlamu wake, mchemwali wa mwamunayo, anali ndi kasitolo ka ulusi, mabatani ndi mazipi, ndipo anamutenga kuti azithandizana. Ulusi sununkha. Mayi Mphuno amakhala pampando pafupi ndi chitseko, chomwe amachisiya chotsegula ngakhale mphepo ikuluma, mlamuyo n'kumadandaula kuti afa ndi chibayo chifukwa cha mphuno ya mwini. Kasitomala wodzola vanila akalowa, Mayi Mphuno amatuluka ngati akukaona china panja, n'kudikira mpaka achoke. Kunyumba mwamuna wake anasiya khofi, ndipo onse amasambira sopo wochapira wopanda fungo.

Mwana wawo uja anamaliza sukulu, anakwatiwa, ndipo m'nyengo ina yozizira anabereka mwana wamkazi. Masana a tsiku lokaona khandalo m'chipinda cha kuchipatala munadzaza azimayi. Ankalandirana mwanayo, aliyense n'kuweramira pamutu pake, kukoka mpweya, n'kunena kuti palibe chonunkhira ngati khanda. Mlamu uja ananena moseka kuti angathe kumudya.

"Amayi, mutengeni," anatero mwana wake ali pabedi. "Mdzukulu wanu uyu."

Mayi Mphuno anamulandira. Anali wofunda, atakulungidwa m'kabulangete koyera, kamutu kali pansi pa chibwano cha agogo ake. Azimayi aja anadikira kuti aweramire. Iye anachita mantha kuti akakoka mpweya, tayala lija lingatuluke pamutu pa mwanayu, ndipo akalimva kamodzi sadzaiwalanso. Anatseka mpweya, anagunditsa milomo pachipumi pa khandalo, n'kudzutsa mutu msanga.

"Ndi wolemera," anatero, akumukonzera kachipewa kuti kaphimbe makutu.