Mpando Umodzi ku Boma la Dowa

Kalata inafika ku mishoni ya Madisi nyengo yofukula mtedza, m'masiku a Chitaganya. Inati ndikaonekere kwa azungu atatu ku boma la Dowa, akandifunse mafunso, aone ngati mutu wanga ukuyenera koleji ya ku Halale, imene ndinadzaisiya panjira. Malo anali amodzi okha. Kulephera kunatanthauza kusoka fodya mpaka imvi.

Atsibweni anga, eni mbumba, nditawawerengera kalatayo, anapukusa mutu.

"Mwana kukadziyankhira yekha pamaso pa akuluakulu? Ngati alibe kwawo! Ndikayankha ndine."

"Atsibweni, akufuna ineyo."

"Iweyo akakuona. Maso ali nawo."

Kukonzekera kunayamba mwaulemu wake. Masabata awiri athunthu ndinkakhala pakhonde kufunsa mafunso a m'buku, iwo n'kumayankha. Chingerezi anali nacho, poti anaphikirapo mzungu ku Halale komweko, kotero funso lililonse, kaya la mitsinje ya ku Ulaya, kaya la mafumu a ku Mangalande, linkathera pa kawiritsidwe ka mbatata. Jekete imene wansembe anandibwereka inapezeka kuti ikuwakwana iwo.

Tsikulo ndinawapalasa pa njinga zitunda zonse zija. M'chipinda cha mafunso munali mpando umodzi. Atsibweni anakhalapo. Ine ndinakhala pansi pambali pawo, maso pa simenti, monga mwana woleredwa bwino.

Tsono akatswiri aja, anthu oyenda ulendo wautali kudzayeza nzeru za wakuda, anafunsa mafunso atatu athunthu kwa munthu wa dazi ndi imvi m'mbali, wina akulemba mayankho mosamala. Pa funso lachinayi m'pamene wapakati anavula magalasi.

"Kodi wofuna sukulu ndani pano?"

Atsibweni anandiloza ndi chibwano. Mesenjala anawatulutsa, iwo akulalata kuti ofesi imeneyi ilibe mwambo.

Anandikhazika pampando, ukali wotentha.

"Tiuze, mnyamata, chifukwa chiyani ukufuna kukaphunzira kutali chonchi?"

Masabata awiri ndinali wofunsa, kuyankha sindinayeserere. Ndinangotembenuka n'kuyang'ana kukhomo, kumene mawu a atsibweni ankamvekabe. Atatu onse anaphulika kuseka, wina mpaka kupukuta misozi. Anati ndizipita.

Panja ndinawapeza atsibweni atagwira njinga.

"Wawayankha chiyani?"

"Palibe."

"Eya. Sunatichititse manyazi."

Patatha mwezi malowo anandipatsa. Boma la mfumukazi linanditumiza ku koleji lisanamve liwu langa ngakhale limodzi.