Dzanja Lamanzere la a Cleophus Tarver

A Cleophus Tarver anameta anthu tsitsi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu mumzinda wa Gary, m'kashopu kamodzimodziko koyandikana ndi kochapira zovala. Mitu ya amuna a kufakitale ya zitsulo ankaidziwa kuposa akazi awo: uyu ali ndi chipsera kunkhongo, uyu dazi layamba koma safuna kuuzidwa. Banja lawo linatha kalekale, ana sanabereke. Chawo chinali mpando wofiira wa pazenera, ndi dzanja lamanja limene anthu ankati silinjenjemera ngakhale kunja kung'ambe mphenzi.

Dzanja limenelo linafa m'mawa wina m'mwezi wa Febuluwale. Ankachotsa chipale chofewa chimene chinagwa usiku pakhomo pa shopu, fosholo inangopulumuka, mwendo n'kupindika. Renard, mnzawo wometa pampando wachiwiri, anawapeza ali pansi akuyesa kutukwana, mawu akutuluka ngati a munthu wodzaza phala m'kamwa. Kuchipatala anati ndi sitiroko.

Patapita milungu isanu anawatulutsa ndi ndodo komanso pepala. Mlongo wawo Odessa, amene anatseka nyumba yake ku Indianapolis kudzawadwazika, anamata pepalalo pafiriji. Osayendetsa galimoto. Osakwera masitepe muli nokha. Osagwira chakuthwa. Osasamba mutakhoma chitseko. Mizere khumi ndi iwiri, yonse yoyamba ndi osa.

"Muziwerenga, achimwene. Sindinalembe ine, alemba adokotala," anatero Odessa. "Ndipo malumo anu ndabisa, musavutike n'kufufuza m'madirowa."

Masiku anayi a Cleophus anangolipenya pepala lija. Tsiku lachisanu, Odessa atapita kogula ndiwo, analimatula, kulitembenuza, n'kugwira pensulo ndi dzanja lamanzere. Pepala linkathawa patebulo mpaka analipsinja ndi botolo la mchere. Panatha ola lathunthu kuti alembe mizere inayi. Kumanga mabatani ndekha. Kutchula dzina langa osachita chibwibwi. Kufika pakona ndi kubwerera. Kumeta munthu.

Odessa atabwera anapeza pepala labwerera pafiriji, koma malamulo a dokotala atayang'ana kuchitsulo.

"Ichi n'chiyani?"

"Za... zanga," anatero a Cleophus.

"Nanga za adokotala?"

"Zili kumbuyo. Kwawo."

Anadziikira lamulo limodzi: mzere sudulidwa mpaka atachita chinthucho masiku atatu otsatizana popanda wowagwira. Mabatani anawatengera masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Tsiku lina anang'amba malaya ndi mano chifukwa cha mkwiyo, Odessa n'kusoka. Koma tsiku limene anadula mzere woyamba, anakanikiza pensulo mpaka inathyoka, ndipo pambali analemba deti. Pepala litadzaza anapitiriza kumbuyo kwa kalendala ya tchalitchi. Kusenda dzira. Kutsegula chitini cha nyemba. Kupita kuchimbudzi Odessa osaima pakhomo. Sabata ikawavuta ankalembapo dala kanthu kakang'ono, monga kupesa ndevu, kuti pakhale choti adule, chifukwa anazindikira kuti sabata yopanda chodula inkawagoneka pabedi.

Lachinayi lililonse kunkabwera a Purvis Ledbetter ndi bokosi la madomino. A Purvis anali dikoni, anapuma ntchito kufakitale, ndipo anametedwa ndi a Cleophus chiyambire unyamata wawo. Pakamwa pawo panalibe chitseko.

"Iwe Cleophus, apa walemba ndiwe kapena papalasa nkhuku?" anafunsa atavala magalasi patsogolo pa firiji. "Kumeta munthu! Munthu wake uti? Ine makutu anga ndimawafuna onse awiri, ndimakolekapo magalasi."

"Mu... mutu wako... ngati..."

"Ngati chiyani? Malizitsa, ndili ndi nthawi mpaka Khirisimasi."

A Purvis atapita, a Cleophus anawonjezera mzere: Kumunyoza Purvis mpaka kumaliza. Anayeserera pagalasi milungu itatu. Tsiku lake litakwana anadikira mnzawoyo akhale pansi, n'kunena mosadodoma kuti mutu wa Purvis unali ngati mbatata imene Mulungu anaiumba Loweruka madzulo atatopa, ndipo kuti zaka makumi atatu iwo akhala akubisira mpingo manyazi amenewo pamtengo wotsika. A Purvis anaseka mpaka kutsokomola, misozi ili mbwee. Kenaka anati, "Komabe pampando wako sindikhalapo."

M'mwezi wa Juni, mayi Wozniak, amene ankawachititsa mafizo, anawauza zoona. Anawagwira dzanja lamanja, kutambasula zala, zala n'kubwerera zokha.

"Bambo Tarver, sindikunamizani. Kapu muzigwira. Mwina ndi chipeso chomwe. Koma sizasi, dzanja ili silidzaitsegulanso."

Masiku asanu ndi anayi sanalembe kanthu, sanadule kanthu. Ankangokhala pakhonde. Odessa anaona kuti mpata ndi umenewu, ndipo anawafikira ndi mlamba wokazinga ndi mawu ofewa.

"Achimwene, tigulitse nyumba ino. Kwanga kuli chipinda chapansi, kulibe masitepe. Renard akuti pali munthu akufuna mpando wanu. Mwagwira ntchito, pumani."

"Renard wanena zimenezo?"

"Wanena mwaulemu. Mpando sungangokhala."

A Cleophus anakankha mbale, kudzuka ndi ndodo yawo, kulowa m'khitchini. Anapeza mzere uja wa kumeta munthu, umene unali utakhala miyezi itatu wosakhudzidwa, n'kuwonjezera mawu awiri: ndi lamanzere. Atatero anaimbira Renard.

"Mpando wanga usaupereke. Ndipo undipezere sizasi ya amanzere."

"Mdala, muli ndi zaka sikisite-foro."

"Ndakufunsa zaka zanga? Unabwera pashopu panga usakudziwa kugwira chipeso, iwe."

Anayamba ndi chokolopera. Anachimangirira kumpando n'kuchimeta mpaka kutsala ndodo yokha. Kenaka burashi yopentera, kenaka kapeti yakale. Lamlungu lina Odessa anatsegula bokosi la wigi yake yopitira kutchalitchi n'kupeza yafupika mbali imodzi. Mkuwo wake unamveka mpaka kwa aneba.

"Wigi yanga ya Pasaka! Mwapenga kodi?"

"Khala pansi ndiilinganize mbali inayo."

"Ndikulinganizani ndinu ndi chiwaya!"

Anapita kutchalitchi atavala chipewa, ndipo masiku awiri anawaphikira phala lopanda shuga. Koma malumo aja anawatulutsa kumene anawabisa, n'kuwaponya patebulo. "Dzichekeni nokha, zanga muzisiye."

Lumo lometera ndevu linawakana. Ankapaka thovu pachibaluni monga amachitira ophunzira, kuti apale osachiphulitsa, koma chilichonse chinkaphulika, thovu n'kumwazikira kumaso. Sizasi ndi makina ndizo zinayamba kumvera pang'onopang'ono. Dzanja lakufa lija analiphunzitsa kupanikiza chipeso pakati pa zala ziwiri. Pofika Seputembala ankakwera basi kupita kushopu kukasesa, chifukwa kusesa shopu nakonso kunali pamndandanda.

Anali ndi tsache m'manja tsiku limene mayi Vernice, akazi a a Purvis, analowa atavala zakuda. A Purvis anali atagwa dzulo lake pochokera kumapemphero, mtima unangoima. Mayiwo anabwera kudzapempha Renard kuti akawamete kunyumba ya chisoni asanawaike m'bokosi.

"Ndipita ine," anatero a Cleophus.

Renard anakanda m'mutu. "Mdala, mpingo wonse ukaona nkhope imeneyo. Tsitsi la maliro silimeranso."

Mayi Vernice anayang'ana dzanja lopinimbira lija, kenaka nkhope ya mwini wake. "Chigwereni inu, bambo aja amabwera kunyumba akudandaula kuti Renard amawameta ngati akuthamangira sitima. Pepani a Renard. Pitani, a Cleophus."

Anawapeza a Purvis atagonekedwa patebulo lachitsulo, nsalu yoyera mpaka pachifuwa. A Cleophus anatsamiritsa ndodo pakhoma, n'kuyala zida zawo.

"Lero kana tione," anatero. "Makutu ako onse ndikusiyira, ngakhale sunamverepo nawo munthu."

Ntchito ya mphindi makumi awiri inawatengera maola awiri. Kawiri konse anakhala pansi kupuma. Anawafotokozera a Purvis za wigi ya Odessa, ndi kuti pa madomino ankaba ndi a Purvis omwewo, dikoni wathunthu. Pomaliza anapesa ndevu za imvi, kupukuta pachipumi ndi kansalu, ndipo m'pamene analira.

Pamaliro anthu podutsa pabokosi ankanong'onezana kuti Purvis sanaonekepo bwino chotere. Atabwerako kumanda, Odessa asanavule ndi nsapato zomwe, anatenga pensulo n'kudula mzere wa kumeta munthu. A Cleophus anatenga chofufutira n'kufufuta.

"Nanga si mwameta?"

"Wakufa satembenuka, sayetsemula, sadandaula. Sizikuwerengedwa."

Lolemba anavala malaya awo oyera n'kuima pambali pa mpando wofiira. Amuna ankalowa, kuwapatsa moni wansangala, kuwauza kuti akuoneka bwino, n'kukakhala pabenchi kudikira Renard. Anthu amene anawameta kuyambira ali ana ankabisa nkhope m'nyuzipepala. Masiku atatu mpando unali gwaa, wopanda munthu. Renard anawanong'oneza kuti apite akapume.

"Ndikapuma kumene kwapita Purvis," anayankha.

Lachinayi kunalowa dalaivala wa thiraki wochokera kutali, wosadziwa kanthu. Anaona benchi yodzaza ndi mpando wopanda munthu, n'kudziponyapo. Patapita mphindi makumi anayi mlendoyo anayang'ana wotchi.

"Bambo, mukumeta kapena mukuwerenga tsitsi limodzilimodzi? Mukanandiuza ndikanabwera ndi kamba."

"Khalani phee. Ofulumira ali apo, onani mitu imene akutulutsa."

Benchi inaphulika ndi phwete, Renard yemwe anaseka. Mlendoyo anadziyang'ana pagalasi uku ndi uku, kusisita kunkhongo, n'kunena kuti pobwerera ku Chicago adzaimanso. Mawa lake anakhalapo mkulu wina wa pabenchi, akuti poti wafulumira. Loweruka anakhalapo awiri. Madzulo a tsiku limenelo a Cleophus anadula mzere uja okha, n'kulemba deti.

Sikuti zonse zinabwerera. Makasitomala ena sanakhalenso pampando wawo mpaka lero, ndipo a Cleophus amawadziwa mayina. Lumo la ndevu anam'patsa Renard. Mayeso oyendetsa galimoto analephera kawiri, ndipo mzere wake pamndandanda ukadalipo, wosadulidwa. Amameta masiku atatu pasabata, anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, dzanja likatopa amatseka.

Odessa anabwerera ku Indianapolis chipale chitasungunuka. Amaimba Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi, ndipo mwezi wathawu anafunsa chimene alemba chatsopano.

"Kusambira," anatero a Cleophus.

"Kusamba?"

"Kusambira. Padziwe losambiriramo la kuholo ya mumzinda muno amaphunzitsa akuluakulu Lachitatu m'mawa."

"Inu amene munkaopa ndi bafa lomwe tili ana? Ndi mwendo umodzi ndi theka? Achimwene, mukufuna mundiphe ndi mtima?"

"Kabudula ndagula kale. Wofiira."

Odessa anadula foni. Patapita mphindi zisanu anaimbanso kufunsa ngati padziwepo pamakhala munthu wovuula omira, ndipo a Cleophus anati akafunsa Lachitatu.